Nthambi ndi magulu m'bungwe la oyang'anira malaibulale: momwe zimayalidwira ndi pomwe zimakodwa

Munthu akapeza ntchito mulaibulale kuno ku Joni, kaya ndi yapayunivesite ku Braamfontein kapena ku Auckland Park, kaya ndi yakhonsolo ku Soweto kapena ku Randburg, kaya ndi kalaibulale ka maloya ku Sandton, sipatenga nthawi asanamve za LIASA. Dzina lake lonse ndi Library and Information Association of South Africa, bungwe lalikulu la anthu ogwira ntchito za malaibulale m'dziko lino, ndipo ofesi yake ili ku Pretoria. Wolowa kumene amayenera kudziwa zinthu ziwiri: nthambi yake ndi iti, gulu lake ndi liti. M'mabungwe otere, kulikonse padziko, anthu ambiri amangochonga pafomu mothamanga, chaka n'kutha osamvako kalikonse, kenako n'kumati bungwe n'longodya ndalama za umembala. Kawirikawiri chavuta sichikhala bungwe lonse. Chimakhala kagulu komwe munthuyo adachongako, komwe kalibe ntchito yolembedwa, kalibe bajeti, ndipo palibe amene ali ndi mphamvu yokatseka.

Nthambi imatsata malo. LIASA yakhala ndi nthambi 10 pomwe dziko lili ndi zigawo 9, chifukwa Gauteng adaigawa pawiri: Gauteng North ya mbali ya Pretoria, ndi Gauteng South komwe kuli Johannesburg. Gulu lokha silitsata malo, limatsata ntchito yomwe munthu amagwira kapena mtundu wa laibulale yomwe ali. Amene adakulira mu CCAP dongosololi amalidziwa kale: mkhristu ali ndi mpingo wake malinga ndi komwe akukhala, koma yemweyo ndi wa Mvano kapena Chigwirizano, gulu lomwe limapezeka m'mipingo yonse ya sinodi ndipo lili ndi atsogoleri akeake. Mizere iwiriyi imadutsana, ndipo mavuto ambiri a bungwe amabadwira pomwe yadutsanapo.

Pali chifukwa chomwe bungwe la kuno lidayalidwira chonchi. M'nthawi ya tsankho, ogwira ntchito za malaibulale anali m'mabungwe osiyana malinga ndi khungu. Bungwe lakale la South African Library Association lidasankha mu 1962 kukhala la azungu okha, ndipo anthu akuda adakhala ndi lawo lomwe pambuyo pake lidadziwika ndi dzina loti ALASA. LIASA idakhazikitsidwa pa 10 July 1997 pomwe ALASA ndi SAILIS, bungwe lomwe lidalowa m'malo mwa la azungu lija, adavomera kutha kuti pakhale bungwe limodzi. Koma kuika anthu onse m'nyumba imodzi sikuthetsa kusiyana kwa ntchito zawo. Wolemba katalogi (mndandanda wa mabuku a mulaibulale) wa kuyunivesite ya Wits ndi mayi woyang'anira laibulale yapasukulu ku Alexandra ali ndi madandaulo osiyana kotheratu. Magulu ndiwo amapatsa aliyense pokambira zake popanda kutuluka m'bungwe n'kukayambitsa lina.

Mizere itatu yodulira magulu

Mwa magulu omwe LIASA yakhala nawo, ena amatsata mtundu wa laibulale: HELIG ya masukulu aukachenjede, PACLIG ya malaibulale a anthu onse ndi a m'madera, SLYSIG ya masukulu ndi ntchito za ana ndi achinyamata, LiSLIG ya malaibulale apadera monga a makampani ndi a nthambi za boma. Ena amatsata ntchito: IGBIS ya malamulo a kalembedwe ka katalogi, ILLIG ya kubwerekana mabuku pakati pa malaibulale, ICTLIG ya makompyuta, MAIG ya kudziwitsa anthu za malaibulale ndi kuwalankhulira, RETIG ya kafukufuku ndi maphunziro. Limodzi, SSIG, limatsata udindo: ndi la othandizira, omwe amaika mabuku m'mashelefu ndi kukhala pakauntala koma ambiri alibe digiri ya ntchitoyi. Ife timaona kuti gulu ngati limeneli n'lofunika kuposa momwe ambiri amaganizira, chifukwa pamsonkhano womwe bwana wake wakhala kutsogolo, wothandizira salankhula.

Mabungwe akuluakulu amasiyanitsa magulu molingana ndi mphamvu zawo. IFLA, bungwe la malaibulale la pa dziko lonse lapansi lomwe lidayamba mu 1927 ndipo likulu lake lili ku The Hague, lili ndi magawo okhazikika okhala ndi komiti yosankhidwa ya anthu osapitirira 20, komanso timagulu topepuka ta nkhani zongotuluka kumene, tomwe timakhala pansi pa gawo lina ndipo timaunikidwa pakapita nthawi. ALA, bungwe la malaibulale la ku America lomwe lidayamba mu 1876, ili ndi magawo aakulu monga ACRL (la malaibulale a masukulu aukachenjede) okhala ndi antchito awoawo ndi ndalama yawoyawo ya umembala, kenako timagulu tating'ono pansi pake. Maina amasiyana bungwe ndi bungwe, choncho musatengeke nawo. Funsani mafunso anayi basi. Kodi gululi lili ndi mpando m'khonsolo ya bungwe? Lili ndi bajeti? Komiti yake imasankhidwa kapena imangolozedwa? Lili ndi tsiku lounikidwa? Gulu lokhala ndi mpando ndi bajeti koma lopanda tsiku lounikidwa ndilo limadzasanduka katundu.

Poti magulu adadulidwa m'mizere yoposa umodzi, kulowererana sikulephera. Tiyerekeze kuti pakufunika maphunziro a kasungidwe ka zolemba za kafukufuku wapayunivesite pa intaneti. A masukulu aukachenjede adzati nkhaniyo ndi yawo, a makompyuta adzati ndi yawo, a katalogi adzati popanda iwo zolembazo sizipezeka. Onse akunena zoona. Popanda lamulo, pamachitika chimodzi mwa ziwiri: magulu atatu amakonza maphunziro ofanana mwezi umodzi n'kugawana anthu 40 omwewo, kapena lililonse limadikira linzake mpaka chaka kutha. Mankhwala ake ndi osavuta. Apampando a magulu onse ndi a nthambi akumane kamodzi chaka chisanayambe, ayale kalendala imodzi, ndipo ntchito iliyonse yolowererana ikhale ndi gulu limodzi lotsogolera, lolembedwa dzina, lomwe lidzasaine lipoti ndi kuyankha za ndalama.

Kuyambitsa gulu latsopano

Tiyeni titenge nkhani yomwe imatikhudza ife a Chichewa kuno. Malaibulale a m'madera monga Yeoville, Hillbrow, Mayfair ndi Rosettenville amatumikira anthu ochokera m'maiko ambiri. Mayi wa ku Mangochi akufuna khadi la laibulale la mwana wake, koma akufunsidwa umboni wa komwe amakhala, pomwe iye amachita lendi kachipinda kakuseri ndipo bilu ya madzi ili m'dzina la mwini nyumba. Pashelefu ya ana palibe buku la Chichewa, Chishona kapena Chisomali. Ogwira ntchito angapo aona vutoli ndipo akufuna gulu loona za anthu obwera. IFLA ili nalo gawo la nkhani yomweyi, la malaibulale otumikira anthu a zikhalidwe zosiyanasiyana, ndiye nkhaniyo si yachilendo. Funso n'lakuti ayambe bwanji.

Choyamba asathamangire kupempha gulu lokhazikika. Apite kugulu lomwe liripo kale, pano ndi la malaibulale a anthu onse, apemphe kukhala kakomiti ka ntchito imodzi kwa miyezi 12 kapena 18. Ntchitoyo ikhale yogwirika: kulemba malangizo a tsamba limodzi a zikalata zomwe laibulale ingalandire m'malo mwa bilu, monga kalata ya mwini nyumba kapena chikalata cholumbira kupolisi, ndiponso mndandanda wa ogulitsa mabuku a zilankhulo za maiko oyandikana nawo. Kakomiti kakamaliza zimenezi anthu n'kumafunabe kukumana, ndiye kuti gulu liripodi. Kakalephera, palibe chatayika, ndipo malamulo a bungwe sanakhudzidwe.

Pofika popempha gulu lenileni, khonsolo ya bungwe imafuna umboni woti si maganizo a anthu atatu a ofesi imodzi. Chiwerengero cha osaina chimakhala m'malamulo a bungwe lililonse, ndipo woyambitsa ayenera kuwawerenga asanayambe kuyenda ndi pepala. Kwa olemba malamulo atsopano, ife timalangiza maina a mamembala olipira pakati pa 20 ndi 30, ochokera kwa olemba ntchito osachepera atatu ndi nthambi zosachepera ziwiri. Za olemba ntchito atatuzo n'zofunika kwambiri kuposa chiwerengero. Gulu lomwe komiti yake yonse ndi ya yunivesite imodzi limagona tsiku lomwe bwana wa pamenepo wasintha n'kuletsa antchito kutuluka nthawi ya ntchito. Komanso maina apamndandanda asakunamizeni, chuluke chuluke ngwa njuchi: mwa osaina 30, funsani kuti ndani asanu omwe avomera kugwira ntchito, ndipo aliyense alembe ntchito yomwe watenga.

Kenako pamabwera chikalata cha ntchito za gulu. Chisapitirire masamba awiri, koma mukhale izi: cholinga m'ziganizo ziwiri, zomwe gululo silidzachita, makamaka zomwe ndi za magulu oyandikana nalo, yemwe angalowe, maudindo a komiti ndi kutalika kwa nthawi yawo, chiwerengero chokwanira kuti msonkhano umange mfundo, ntchito zomwe lidzapereke chaka chilichonse, komwe limapereka lipoti ndi masiku ake, tsiku lounikidwa, ndi momwe lidzatsekedwere. Ndime ya zomwe silidzachita ndi yomwe anthu amaidumpha, pomwe ndiyo imathetsa mikangano isanayambe. Ndime ya ntchito zapachaka isalembedwe kuti “kulimbikitsa mgwirizano” chifukwa zimenezo palibe angaziyeze. Ilembedwe kuti maphunziro awiri, msonkhano wa mamembala umodzi, nkhani imodzi m'magazini ya bungwe, malipoti awiri kukhonsolo.

Komiti ya anthu asanu kapena asanu ndi awiri imakwana: wapampando, wotsatira wake yemwe akudziwa kale kuti adzalowa pampando, mlembi, msungichuma ndi woona zofalitsa. Cholakwika chofala n'kusankha onse tsiku limodzi kuti adzatulukenso tsiku limodzi. Zikatere komiti yatsopano imayamba ili m'chimbulimbuli, osadziwa ngakhale komwe kuli maminitsi. IFLA imapewa zimenezi popereka zaka 4 kwa membala wa komiti koma kuchititsa zisankho pakatha zaka ziwiri zilizonse, kuti ena azituluka ena akadali mkati. Bungwe laling'ono lingachite chimodzimodzi ndi zaka ziwiri: theka lituluke chaka chino, theka chaka chamawa. Malire a maulendo awiri pampando ndi abwino, ngakhale pamene wokhalapoyo ndi wakhama, chifukwa munthu wakhama akakhalitsa ena onse amasiya kuphunzira ntchitoyo.

Pali funso lomwe limabwera tikakumana Amalawi ogwira ntchitoyi: bwanji osayambitsa gulu lathulathu la Amalawi mkati mwa bungwe? Maganizo athu ndi oti ayi. Bungwe lomwe lidabadwa pothetsa kugawana malinga ndi mtundu silingalandire mosavuta gulu lotsata pasipoti, ndipo phindu lake n'lochepa. Kucheza, kudziwitsana za ntchito zomwe zatuluka, kuthandizana pa zotumiza digiri ya ku Mzuzu University ku SAQA, bungwe la boma loona za mapepala a maphunziro, kuti ikaunikidwe, zonsezi gulu la pa WhatsApp limakwanitsa. M'bungwe, ndi bwino wina akhale kwa a katalogi, wina kwa a masukulu, wina kwa a makompyuta, ndipo alowe m'makomiti.

Ndalama

Apa ndi pomwe magulu ambiri amakodwa, ndiye tichedwepo. Pamaso pa malamulo, munthu ndi bungwe, osati gulu. Bungwe ndilo lidalembetsedwa, ndilo limayankha kwa a msonkho, ndilo mabuku ake a zachuma amaunikidwa. Choncho gulu lisatsegule akaunti yakeyake kubanki, ndipo chachikulu, lisalandire ndalama kudzera muakaunti ya msungichuma, ngakhale akhale wokhulupirika chotani. Ndalama zilowe muakaunti ya bungwe, gulu lililonse likhale ndi nambala yake m'mabuku, ndipo wolipira alembe nambalayo limodzi ndi nambala ya invoisi. Akangolemba dzina la laibulale yake, kulikulu kumafika R1,050 yosadziwika mwini, yomwe ndi ya anthu atatu a maphunziro a gulu lina, ndipo imakhala pamenepo miyezi msungichuma akulimbana ndi anthu omwe adalipira kale.

Pali chifukwa chinanso chomwe invoisi iyenera kuchokera kulikulu. Khonsolo ya mzinda kapena nthambi ya boma silipira munthu wamba. Imalipira wogulitsa yemwe ali m'kaundula wa boma wa ogulitsa, wotchedwa Central Supplier Database, ndipo pamafunika oda yovomerezeka ntchito isanachitike. Lamulo limati boma lilipire pasanathe masiku 30 chilandirire invoisi, koma aliyense wochita malonda ndi boma amadziwa kuti masikuwa amatha kutalika. Ndiye gulu lomwe likuitana antchito a khonsolo lilengeze maphunziro masabata osachepera 8 tsiku lisanafike, ndipo likhale ndi kandalama kolipirira ophika pomwe likudikira. Kumbukiraninso kuti chaka cha ndalama sichifanana: cha makhonsolo chimayamba pa 1 July, cha boma lalikulu ndi zigawo pa 1 April, cha mayunivesite mu January. Maphunziro oikidwa mu June amapeza thumba la maphunziro la khonsolo litauma, ndipo mayunivesite ali pamayeso.

Bajeti ya maphunziro atsiku limodzi iwerengedwe motere, ndipo manambalawa ndi ongoyerekezera. Chipinda mwapatsidwa chaulere ndi yunivesite. Tiyi ndi nkhomaliro ndi R180 munthu mmodzi. Ulendo wa wophunzitsa, zosindikiza ndi zina zomwe sizisintha kaya kwabwera anthu angati zikukwana R5,000. Mukalipiritsa R350, munthu aliyense akusiya R170 yolipirira zosasinthazo, ndiye pakufunika anthu 30 olipira kuti musaluze. Olipira, osati olembetsa. Mwa olembetsa ena sabwera, ndipo ophika amawerengera mbale zomwe mudaitanitsa, osati zomwe zidadyedwa. N'chifukwa chake tsiku lomaliza kubweza ndalama kwa wosintha maganizo liyenera kubwera tsiku lopereka chiwerengero kwa ophika lisanafike. Osakhala mamembala alipire mokwererapo moonekeratu, apo ayi umembala ulibe phindu. Funsaninso kulikulu ngati mtengowo uyenera kuphatikiza VAT, yomwe kuno ndi 15 peresenti, musanausindikize pachikalata choitanira anthu.

Nanga pakatsala phindu, n'la yani? Mabungwe amasiyana. Ena amabweza zonse kuthumba lalikulu chaka chikatha, zomwe zimagwetsa ulesi magulu akhama. Ena amasiyira gulu zonse, ndipo pakapita zaka gulu la mayunivesite limalemera pomwe la masukulu lilibe ngakhale ya thiransipoti. Njira yapakati ndiyo timaikonda: gulu lisunge gawo lina la phindu mpaka malire olembedwa, zotsala zipite kuthumba lothandizira magulu osauka. Za makampani ogulitsa mabuku ndi mapulogalamu a makompyuta omwe amathandiza ndi ndalama, lamulo likhale loti pempho lililonse lidutse kulikulu. Kupanda kutero kampani imodzi imalandira makalata asanu a magulu asanu mwezi umodzi, n'kudzakana kuthandiza msonkhano waukulu wapachaka. Ndipo wothandiza apatsidwe mphindi zake zolembedwa, 10 kapena 15, asasandutse maphunziro onse kukhala msika.

Ntchito yomwe imasunga gulu

Kuyambira mu 2014 SAQA imazindikira LIASA ngati bungwe la akatswiri, ndipo LIASA imapereka udindo wa PL(SA), wa katswiri wa za malaibulale, kwa oyenerera. Amene ali nawo amayenera kuonetsa kuti akupitiriza kuphunzira, ndipo apa ndi pomwe magulu ali ndi ntchito yomwe munthu angailipirire mosadandaula. Koma mapointi a CPD, oonetsa kuti munthu akupitiriza kuphunzira, amafuna mapepala: maphunziro avomerezedwe asanachitike, pakhale kaundula wosainidwa, kapena lipoti la omwe adalowa ngati zidachitikira pa intaneti, ndipo masatifiketi atuluke pasanathe milungu iwiri kapena itatu. Gulu lomwe limaphunzitsa bwino koma osatulutsa masatifiketi limataya anthu mwakachetechete.

Magulu a ntchito amaoneka kufunika kwake pakasintha china chachikulu. Pomwe malamulo a katalogi a RDA adayamba kulowa m'malo mwa akale a AACR2, Library of Congress ya ku America itayamba kuwagwiritsa ntchito mokwanira mu 2013, laibulale iliyonse yomwe imakopera malekodi kuchokera kunja idayenera kudziwa zomwe zasintha m'malekodi a MARC 21, omwe ndi malekodi a katalogi a pakompyuta. Yunivesite yaikulu ikhoza kutumiza munthu wake kukaphunzira. Laibulale ya munthu mmodzi singathe. Gulu la a katalogi ndilo limafikitsa nzeru zotere kwa onse ndi kugwirizanitsa kalembedwe, kuti dzina la wolemba mmodzi lisalembedwe mitundu inayi m'katalogi yogawana.

Nthawi ndi malo a misonkhano n'zomwe zimasankha amene adzabwere. Aphunzitsi oyang'anira malaibulale a sukulu sangachoke m'mawa. Antchito a malaibulale a khonsolo ambiri amagwira Loweruka mosinthana. Wa laibulale ya munthu mmodzi akapita kumsonkhano ndiye kuti chitseko chatsekedwa tsiku limenelo. Msonkhano wa ku Sandton ndi wapafupi kwa wokwera sitima ya Gautrain, koma wochokera ku Orange Farm amasintha matakisi ndipo abwerera kutada. Komiti yomwe imakumana malo amodzi nthawi zonse imadzadabwa kuti gulu lonse lakhala la anthu a magalimoto. Sinthanani malo, misonkhano ya komiti ichitikire pa intaneti osapitirira ola limodzi, ndipo zojambulidwa zitumizidwe kwa omwe magetsi kapena data zidawavuta. Mwezi wa March usiyidwe, poti ndi wa South African Library Week ndipo aliyense amakhala wotanganidwa kulaibulale kwake.

Mamembala nawonso asachonge magulu onse. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Awiri akwana: limodzi la mtundu wa laibulale yanu, lina la ntchito yanu.

Za mndandanda wa mamembala, lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021. Mlembi wa gulu asasunge maina, manambala ndi maimelo a anthu pa laputopu yake n'kumapatsa aliyense wopempha, makamaka makampani othandiza aja. Mndandanda ukhale kulikulu, uthenga wa anthu ambiri utumizidwe mobisa maadiresi, ndipo munthu alowe yekha pagulu la WhatsApp kudzera pa linki, asangoikidwamo. Imelo ya gulu, tsamba la Facebook ndi foda ya maminitsi zikhale m'dzina la bungwe ndipo anthu awiri akhale ndi pasiwedi. Magulu ambiri adataya mbiri yawo ya zaka chifukwa mlembi adasintha ntchito ndipo imelo yake yakale idatsekedwa zonse zili momwemo.

Ndani amalankhula m'dzina la bungwe? Gulu limadziwa nkhani, koma siliyenera kutulutsa chikalata kwa atolankhani palokha. Nkhani ya malamulo a umwini wa zolemba ndi chitsanzo: mu September 2022 Constitutional Court, khothi lalikulu la dziko lino, idagamula mokomera Blind SA, bungwe la anthu osaona, kuti lamulo lakale limaphwanya ufulu wa osaona powaletsa kusandutsa mabuku kukhala m'njira zomwe angawerenge. Pankhani ngati imeneyi a mayunivesite, a masukulu ndi a malaibulale apadera akhoza kuona mosiyana pang'ono, ndipo Nyumba ya Malamulo ikalandira makalata atatu otsutsana a bungwe limodzi imangowaika pambali onse. Gulu lilembe, khonsolo ivomereze, pulezidenti asaine. Izi zimatetezanso mamembala. Laibulale yaikulu ya mumzinda, ya pa Beyers Naudé Square, yomwe nyumba yake idatsegulidwa mu 1935, idakhala yotseka zaka zingapo kuchokera nthawi ya COVID-19. Pankhani zotere wantchito wa khonsolo ya mzinda sangadzudzule bwana wake pawailesi, koma bungwe likhoza kulankhula popanda wina kuopa kalata yochenjeza.

Si gulu lililonse lomwe limakhala mkati. Oyang'anira malaibulale a zamalamulo ali ndi bungwe lawo loima palokha, OSALL, ndipo ambiri a iwo ali kuno ku Johannesburg komwe kuli makampani aakulu a maloya. Kuima pawekha kumapatsa ufulu pa ndalama, koma kumabwera ndi kulembetsa, malipoti a zachuma ndi akaunti yoti wina aiyang'anire. Musasokonezenso gulu ndi mgwirizano wa malaibulale wogulira limodzi magazini a kafukufuku a pa intaneti, monga SANLiC kuno kapena MALICO kumudzi. Mamembala a amenewo ndi mabungwe, osati anthu.

Kwa anzathu omwe amaganiza zotengera dongosolo la kuno kupita nalo ku Malawi Library Association, bungwe lomwe lidayamba mu 1976 ndipo lidalandira msonkhano wa SCECSAL, wa mabungwe a malaibulale a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa, ku Lilongwe mu 2014, chenjezo n'limodzi: werengani anthu kaye. Magulu 10 a komiti ya anthu asanu ndi mipando 50, musanawerengere nthambi ndi komiti yaikulu. Bungwe la mamembala ochepa likayala mipando yotere, anthu omwewo amakhala m'makomiti atatu ndipo palibe yomwe imayenda. Magulu atatu okhazikika, la masukulu aukachenjede ndi kafukufuku, la malaibulale a anthu onse ndi a sukulu, ndi la katalogi ndi makompyuta, kuphatikiza timakomiti ta ntchito imodzi tomwe timatha ntchito ikatha, n'zokwanira kuyambira.

Kutseka kapena kuphatikiza

Malamulo ambiri amafotokoza bwino za kuyambitsa gulu koma za kulitseka amangoti zii, chifukwa palibe amafuna kuoneka ngati akupha ntchito ya mnzake. Zotsatira zake ndi magulu omwe ali ndi mpando ndi voti m'khonsolo koma sadakumanepo zaka ziwiri. Zizindikiro zilembedweretu kuti nkhani isakhale ya kudana: malipoti awiri otsatizana osaperekedwa, chisankho chopanda opikisana okwanira kudzaza komiti, chaka chathunthu chopanda ntchito ina iliyonse, kapena mamembala kutsika pansi pa chiwerengero choyambira. Ziwiri mwa zimenezi zikachitika, khonsolo ilembere mamembala onse a gululo, osati komiti yokha, ndi kuwapatsa miyezi 6 kuti apeze atsogoleri atsopano kapena asankhe gulu lolowako.

Kuphatikiza si manyazi, ndipo ngakhale mabungwe olemera amachita. Mu 2020 ALA idaphatikiza magawo ake atatu, la makompyuta, la katalogi ndi kusonkhanitsa mabuku, ndi la utsogoleri, kukhala gawo limodzi lotchedwa Core, mamembala a magawowo atavota. Ntchito zomwe kale zinali zosiyana zidafika polowererana kwambiri, ndipo kusunga maofesi atatu kunkadya ndalama. Pophatikiza, mfundo ya khonsolo inene zinthu zinayi mwachindunji: ndalama zotsala zipita kunambala iti m'mabuku, mamembala asamutsidwira kuti ndipo adzauzidwa liti, mpando wa m'khonsolo utha tsiku liti, ndipo maminitsi, malipoti ndi mapasiwedi aperekedwa kwa yani. Ngati padali mphoto kapena thumba lomwe wina adapereka ndi cholinga chapadera, woperekayo kapena banja lake afunsidwe kaye ndalamazo zisanasunthidwe, ndipo yankho lake lisungidwe mufayilo ya msungichuma wamkulu.